Utelala, zamagetsi kapena za mipope, mtsikana wa Fomu 4 alowe kuti?

Mng'ono wanga zotsatira za MSCE zatuluka, mapointi ake sangamulowetse ku UNIMA, ndiye kunyumba aliyense akungoti "apite kwa achemwali ake akaphunzire kusoka". Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde ku Mpondabwino ku Zomba kuno ndipo ntchitoyi ndimaikonda, koma ndamuuza kuti ayambe waona kaye zinazi.

Utelala kulowa kwake nkosavuta. Mashini a mapazi, sizasi, tepi ndi choko basi wayamba, magetsi akazima iwe ukusokabe. Ndalama imaoneka September sukulu zikamatsegulira chifukwa cha mayunifolomu, komanso nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe anthu akamasoketsa zofanana. Koma ikafika January mpaka March, aaa, tsiku lonse kumangoika zipi ndi kuchepetsa mathalauzi a pakaunjika, komanso tachuluka, khonde limodzi atelala anayi, kasitomala ukamuuza mtengo amangosuntha pang'ono kupita kwa mnzako ukuona. Saluni nayo ndi chimodzimodzi, mzere uliwonse ilipo.

Zamagetsi ndi zina. Zimafuna mutu wa masamu ndi sayansi pang'ono, komanso pepala, chifukwa kuwayaring'a nyumba yoti ESCOM idzalumikize kumafuna munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, siungangophunzira kwa amalume nkuyamba wekha. Njira yake ndi TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ikalengeza malo m'makoleji ngati Nasawa konkuno ku Zomba kapena Soche ku Limbe muziona bwino kuti kosi iti ili koleji iti musanalembe fomu. Zimatenga nthawi ndithu ndipo zida zake si pulayazi ndi tesita yokha ayi, koma taonani nyumba zikumangidwa ku Matawale ndi ku Chinamwali, taonani anthu akuthamangira sola, mabatire ndi ma inveta chifukwa cha kuzimazima kwa magetsiku. Onsewo akufuna munthu wowaikira bwino osati woti mawa waya wapsa.

Za mipope anthu amazinyoza ati nzauve. Zoona tsiku lina udzatsegula chimbudzi chotsekeka, palibe kubisa. Koma a Water Board amathera pa mita, mkati monse paipi ikaphulika mwini nyumba amasaka pulambala, ndipo mahositelo a ana a yunivesite ku Chikanda aja mipope imadontha daily. Zida zoyambira sizidula ngati zamagetsi.

Chovuta cha ziwirizi ndi anthu. Mtsikana wina amene ndimamusokera anapita ku atachimenti, kokaphunzira ntchito pakampani, sabata yoyamba yonse ankangomutuma madzi ndi kugula mandasi, akuti mkazi sangakwere musiling'i. Anapirira, tsiku lina anangotenga makwerero yekha nkukwera ovolosi ili pathupi. Panopa azimayi ambiri amaimbira iyeyo chifukwa amamasuka kumulowetsa mpaka kuchipinda amuna awo kulibe. Komabe asisi, pofuna malo a atachimenti funsani kaye atsikana amene anadutsapo, mabwana ena manja awo ndi osakhazikika.

Ineyo kwa mng'ono wangayu ndasankha zamagetsi, masamu anakhoza bwino, za mipope zikhale zachiwiri pa fomu. Podikira kuti TEVETA ilengeze akumabwera kukhonde masana kudzandithandiza kupinda ndi kuika mabatani, ndalama yakeyo tikusunga ya transipoti ndi nsapato za sefite.