Kernel ikagwa pozula dongle: kdump, pstore kapena netconsole?

Msuweni wanga wa ku Mufakose anandibweretsera laputopu ya Linux imene inkafa akangozula ka dongle ka Wi-Fi. Sikirini kuuma gwa, mbewa osayenda, kanyali ka Caps Lock n'kumangophethira. Kuphethira kumeneko ndi kernel panic, kugwa kwa kernel, pulogalamu yomwe ndi mtima wa Linux. Mukayatsanso makina, journalctl, yoonetsera zimene makina analemba, ilibe kanthu, chifukwa kernel inafa isanalembe chilichonse pa disiki. Ntchito yoyamba tsono si kukonza driver (pulogalamu yoyendetsa ka dongle) ayi, koma kugwira mawu omaliza amene kernel inalankhula. Ndinayesa njira zitatu.

Ndinayamba ndi kdump chifukwa ndi imene anthu amaitama. Mumapatula memory ndi crashkernel=256M, ndipo makina akagwa, kernel yachiwiri imadzuka kudzera mu kexec n'kusunga vmcore, fayilo ya zimene zinali mu memory, mu /var/crash. Mukaitsegula ndi pulogalamu yotchedwa crash mumaona zonse, ngakhale zimene zinali m'kati mwa struct iliyonse. Koma laputopuyo ili ndi RAM ya 4GB yokha, ndipo vmcore siwerengeka popanda vmlinux, fayilo ya kernel, yokhala ndi debug symbols (mayina a zimene zili m'kati mwake), yomwe ndi ma MB mazanamazana. Aliyense wogula ma bundle muno mu Harare akudziwa kuwawa kwake. Pa seva ya kuntchito kdump ndi yoyenera, pa nkhani iyi inali nkhwangwa yophera udzudzu.

Pstore ndi yopepuka, ndipo pa makina ambiri a UEFI (firmware ya masiku ano yoyatsa kompyuta) imagwira ntchito musanaikhudze n'komwe. Kernel ikamafa imalemba uthenga mu NVRAM ya firmware, memory yosafufutika magetsi akathima, inu mukaupeza mu /sys/fs/pstore, kapena mu /var/lib/systemd/pstore ngati systemd yausamutsa. Imasunga pafupifupi 10KB yomaliza basi. Apa samalani, abale, musaisokoneze ndi ramoops. Ramoops imasunga uthengawo mu RAM, ndiye imadalira kuti makina adziyatsenso okha mphamvu isanaduke. Batire ya laputopu ya msuweni wangayo inafa kalekale. Magetsi akathima, kapena mukakanikiza batani lozimitsira, umboni wapita. Wofuna ramoops aike panic=10 kuti makina aziyambanso okha pakatha masekondi 10.

Imene inandigwira mtima ndi netconsole. Imatumiza mzere uliwonse wa kernel pa netiweki (UDP) kupita pa kompyuta ina nthawi yomweyo, ndiye ngakhale magetsi athime, zimene zafika zafika. Ndinalumikiza makina awiri ndi waya wa Ethernet, pa yanga ndinalemba nc -u -l 6666 kuti izimvetsera, pa yodwalayo dmesg -n 8 kuti mizere yonse ituluke, kenako modprobe netconsole ndi adilesi yanga. Msuweni atagwira ka dongle ndinamuuza kuti, "Zulani, achimwene." Anazula, kwa iye sikirini inauma, kwa ine mizere inakhuthuka ngati chimanga chotuluka m'thumba lobooka. Choipa chake n'chakuti imafuna doko lenileni la Ethernet. Wi-Fi nthawi zambiri siithandiza, ndipo adapter ya USB siyodalirika pamene USB yomweyo ndiyo ikudwala. Vuto lomweli lilinso ndi serial console yodzera pa chingwe cha USB.

Mizere ija inanena zambiri. Pamwamba panali Tainted ndi zilembo O ndi E, kusonyeza kuti driver inachokera kunja kwa kernel ndipo ndi yosasainidwa, imene msuweni anaikoka pa intaneti n'kuiika ndi DKMS, chida chomangira ma driver otere. M'munsi munali run_timer_softirq ndi call_timer_fn, n'kumaliza ndi Fatal exception in interrupt. Ndiye kuti timer ya driver inalira dongle itachoka kale, n'kukagwira memory imene disconnect, function ya driver imene imagwira ntchito dongle ikazulidwa, inali itabweza. Zikachitikira mu interrupt, pamene kernel yasiya zina kuti iyankhe timer kapena chipangizo, kernel siingaphe pulogalamu imodzi n'kupitiriza, imagwa yonse.

Koma netconsole imakuonetsani pamene munthu wagwera, osati pamene anapunthwa. Kuti nditsimikize ndinamanga kernel yokhala ndi KASAN, chida chogwira zolakwika za memory, imene inalowa mu Linux 4.0 mu 2015. Imadya gawo limodzi mwa magawo 8 a RAM ndipo makina amayenda mokwawa, komanso kumangako kunanditengera usiku wonse. Koma lipoti lake linatchula use-after-free, kugwiritsa ntchito memory itabwezedwa kale, n'kuonetsa amene anatenga memory ija ndi amene anaibweza, aliyense ndi mndandanda wa ma function ake. Usbmon ndi Wireshark, zoonera zimene zikudutsa pa USB, sindinazifune, zimathandiza chipangizo chikamayankha zosamveka, osati memory ikaonongeka.

Mankhwala anali mzere umodzi, kuika timer_delete_sync, yoimitsa timer, mu disconnect memory isanabwezedwe. Pa ma kernel akale dzina lake ndi del_timer_sync. Tinazula n'kubwezera ka dongle kaja maulendo 30 motsatizana, Caps Lock osaphethira. Lero wina akandibweretsera makina otere ndimayamba kusuzumira mu pstore, ndipo mukapanda kanthu ndimatulutsa waya wa Ethernet mu dirowa.