Opaleshoni ya heniya ya Spiegel ku Tete: ndapereka nyenyezi 4 mwa 5

Ndine mlimi wa mbatatesi ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe. Kwa zaka ziwiri ndinkamva kuboola m'munsi mwa mchombo, chakumanzere, makamaka ndikanyamula thumba. Kachotupa kankatuluka ngati dzira la nkhunda, ndikagona chagada n'kusowa. Ndiye popeza kulikonse ankandiyeza nditagona, ankangoti palibe kanthu. Mankhwala a njoka zam'mimba ndiye ndamwa, abale!

Mlamu wanga ndi amene anandikokera ku kliniki ina mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200 pa chapa (minibasi). Adokotala a kumeneko sanandigoneke. Anati, "Mayi, imirirani, tsokomolani," dzanja lawo lili pamalopo. Nditatsokomola kachitatu anagwedeza mutu n'kunditumiza ku ekografiya (makina oonera m'mimba), komwenso anandijambula ndili chiimire. Pa chimenechi chokha ndalama yanga sindikuilira.

Anati ndi heniya ya Spiegel, n'kundijambulira papepala kuti ndimvetse. Matumbo amadutsira pakabowo ka m'mphepete mwa mnofu wautali wotsika pakati pa mimba, koma amabisala pansi pa mnofu wina wapamwamba, n'chifukwa chake dzanja limawaphonya. Akuti mwa odwala heniya 100, a mtundu uwu sapitirira awiri. Ine ndinkadziwa phudzi la abambo basi. Kabowoko n'kopapatiza, matumbo atha kukanirira n'kuyamba kuola, choncho lamba womanga pamimba sangathandize, koma mpeni.

Anandicheka pang'ono, kutalika ngati chala, n'kusokerera kaneti ka pulasitiki kooneka ngati neti ya udzudzu koma kolimbirapo. Madzulo omwewo anamwino anandidzutsa kuti ndiyende. Ndinawakwiyira, koma anali ndi dzanja lofewa, ndipo mmodzi ankalankhula Chinyanja cha kwathu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Mtengo umene anatiuza poyamba unalibe kaneti kaja, tinangomva tsiku la opaleshoni, mpaka bambo a kunyumba anaimba foni kumudzi kuti agulitse mbuzi. Chinanso, pepala la malangizo linali la Chipwitikizi chokhachokha ndipo palibe anatimasulira. Patatha sabata pabala panatupanso, ine mtima phaa, kuganiza kuti chabwerera. Tinakweranso chapa, kutentha kwa ku Tete kuja bala likunyerenyetsa, kukangouzidwa kuti ndi madzi osonkhana pansi pa khungu, amauma okha. Zinalembedwa papepala lija. Akanangonena pakamwa, ndalama ya ulendo ikanagula fetereza.

Anandiletsa kunyamula zolemera kwa masabata 6. Ndinapirira asanu, ndisaname. Pano yatha miyezi isanu ndi itatu, ndakumba mbatatesi za kudimba, ndipo kukazizira pabalapo pamangokoka pang'ono.