Alipay ndi khadi yakumudzi: mmene zandiyendera ku Guangzhou patatha miyezi

Nditangolumikiza khadi yanga ya Visa ku Alipay, pulogalamu ya ku China yolipirira pafoni, ndinalemba kuti kuyiika pafoni n'kosavuta: umajambula pasipoti, kulowetsa nambala ya khadi, basi. Anzanga a geni akhala akundifunsa ngati imathandizadi munthu ukakhala nayo nthawi yaitali. Tsopano patha miyezi yambiri ndikuyenda nayo pakati pa mizinda ya Guangzhou ndi Yiwu, ndiye ndingathe kuyankha.

Pa zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, ndilibe nayo mawu. Sitima yapansi panthaka ndimalowa poonetsa QR code pageti, takisi ndimaitana pa Didi yomwe ili mkati mwa Alipay momwemo, chakudya cha ku Xiaobei, dera la mu Guangzhou, ndimalipira foni isanazime n'komwe. Amene anafika ku China chaka cha 2023 chisanakwane akudziwa mmene zinkawawira. Unkatulutsa pepala la ma yuan 100, wogulitsa n'kuyamba kusakasaka chenji kwa anzake, pamene lamulo la kumeneko limaletsa kukana kashi. Kuyambira mu Julaye 2023 pomwe WeChat Pay, pulogalamu inanso yolipirira pafoni, inatsegula khomo kwa makhadi akunja, Alipay nayo ikulandira Visa ndi Mastercard, mlendo sakuonekanso ngati wosochera pamzere.

Koma ife sitipita kumeneko kukadya zakudya zokha. Timapita kukaoda katundu, ndipo apa mpamene pamafunika kuwerengera bwino. Ukalipira ma yuan 200 kapena kucheperapo, palibe chomwe amadulapo. Ukangodutsa pamenepo amaonjezera 3 peresenti pa ndalama yonse. Pa mbale ya mpunga zilibe kanthu, koma pa makatoni a nsapato, 3 peresentiyo ndi phindu lomwe ukanalipeza ku Limbe. Kuonjezera apo banki yakwanu imasintha ndalama pa mtengo wake. Chinanso, khadi yakunja siilola kutumizira munthu ndalama mwachindunji, choncho wokunyamulira katundu kapena wokuthandiza chilankhulo amafunabe kashi m'manja.

Mu Malichi 2024 banki yaikulu ya China inakweza malire: kulipira kamodzi kunachoka pa madola 1,000 kufika pa 5,000, ndipo pachaka kunachoka pa 10,000 kufika pa 50,000. Kwa mlendo wa ku Ulaya imeneyi inali nkhani yabwino zedi. Kwa ife, malire enieni ali kumudzi. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, khadi ya kwacha imaloledwa kugwiritsa ntchito madola ochepa kunja kwa dziko, ndipo yanga yakanapo ndili pakauntala ndalama zili mu akaunti. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa khomo aku China anatsegula koma ife tikulephera kulowa ndi katundu wathu yense. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yuan iliyonse inayamba kuluma kwambiri.

Pali kanthu kena kamene ambiri amaiwala. Banki imatumiza nambala yotsimikizira ku layini yakumudzi. Mukaichotsa mufoni n'kuikamo ya ku China yokha, uthengawo sufika ndipo malipiro amaima. Yanga ndimaisiya momwemo ili pa roaming. Batire nayonso muziisamala, poti foni ikazima ndiye kuti chikwama chatsekeka.

Kodi ndipitiriza nayo? Inde, mosakayika. Ndinaika Alipay ndi WeChat Pay zonse ziwiri kuti ina ikavuta ndigwire inayo. Zoyendera, chakudya ndi zitsanzo za katundu ndimalipira pafoni, maoda aakulu ndimadutsira kubanki kapena kwa ajenti wotumiza katundu, ndipo m'thumba simusowa ma yuan apepala ang'onoang'ono. Amene mukukonzekera Canton Fair, chionetsero cha malonda cha ku Guangzhou, ya mu Epulo kapena Okutobala, lumikizani khadi yanu musananyamuke, ndipo kafunseni kubanki kuti akulolani madola angati pamwezi.