Baseball-Reference: tsamba loonetsa mmene wosewera amatsikira akamakula

Masewero ambiri a baseball (aja wina amaponya kampira, wina n'kukamenya ndi ndodo) ku America amayamba cha m'ma 1 koloko usiku nthawi ya kuno, ndiye ife ochepa amene timawakonda mu Lilongwe muno timangodzuka m'mawa n'kuona zotsatira. Ine ndimadalira Baseball-Reference, tsamba la pa intaneti limene Sean Forman anayambitsa mu 2000. Kulowa ndi kwaulere, bola bandulo ikhalepo. Lili ndi zambiri, koma chimene ndimalikondera n'chimodzi: ukalemba dzina la wosewera, pamabwera nyengo zake zonse mondondozana, ndipo pambali pa chaka chilichonse pali zaka zimene anali nazo.

Tsegulani tsamba la Albert Pujols muone. Kuyambira 2001 mpaka 2011 ali ku timu ya St. Louis Cardinals, anamenya ma home run 445 (home run ndi kumenya mpira mpaka kudutsa mpanda wa bwalo), anasankhidwa katatu kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, ndipo mlingo wake wa kamenyedwe unali .328, kutanthauza kuti pa maulendo 1000 aliwonse ankamenya bwino 328. Kumapeto kwa 2011 timu ya Angels inamupatsa kontrakiti ya zaka 10, madola 240 miliyoni, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 32. Tsopano tsitsani chala pang'onopang'ono. Mu 2012 akuti .285. Mu 2013 akuti .258, ndipo anasewera masewero 99 okha chifukwa phazi linkamuvuta. Mu 2017, ali ndi zaka 37, akuti .241. Mu Meyi 2021 timuyo inamumasula kontrakiti isanathe. Ulendo woyamba kuwerenga mizere imeneyi ndinamva chisoni ndithu, chifukwa palibe chaka chimene anagwa kamodzin'kamodzi. Ankangotha pang'onopang'ono ngati sopo wa m'bafa.

Mizere yomweyo imaonetsanso kuti zinthu sizithera limodzi. Mu 2015, ali ndi zaka 35, Pujols anamenyabe ma home run 40 ngakhale mlingo wake unali utatsikira pa .244. Mphamvu za m'manja zinalipo, koma miyendo inali itayamba kukana. Liwiro ndi limene limayamba kuchoka, pomwe mphamvu ndi nzeru yosankha mpira woti umenye zimakhalitsa. Chovuta n'chakuti woponya amaima mamita 18.44 okha kuchokera kwa womenya, ndipo mpira wothamanga makilomita 150 pa ola umafika theka la sekondi lisanakwane. Diso ndi dzanja zikangochedwa pang'ono, mpira wadutsa. Onjezanipo masewero 162 pa nyengo, pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, thupi la zaka 35 silichira msanga. Bill James, katswiri wa ziwerengero za masewerowa, anapeza kalekale kuti omenya ambiri amafika pachimake ali ndi zaka pafupifupi 27.

Miguel Cabrera, womenya wina wotchuka, naye chimodzimodzi: ma home run 44 mu 2012, 38 mu 2016, 16 mu 2017, kenako anayi okha mu 2023, chaka chimene anapuma.

Mnzanga wina wa ku Area 25, amene timasewera naye mpira wa madala Lamlungu, amanditsutsa nthawi zonse. Amati, "Achimwene, nanga Nolan Ryan uja anaponya mpaka zaka 46? Nanga Justin Verlander amene anatenga mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu ligi, mu 2022 ali ndi zaka 39?" Sanama. Koma apa ndi pamene tsambali limandithandiza kwambiri, chifukwa limasunga aliyense, osati otchuka okha. Ndinamutsegulira mndandanda wa timu ina ya zaka 20 zapitazo, tinkadina dzina lililonse, ndipo ambiri mizere yawo imathera pa zaka 30, 32, 33. Amene watsika amachotsedwa mwakachetechete, ndiye madala amene timawaona akusewerabe ndi osowa kwambiri aja.

Ndikakhala pa Silver Stadium n'kumva anthu akukuwa kuti "mdala ameneyo apume", ndimalakalaka Super League yathu ikanakhala ndi kaundula wotere, kuti kochi ndi sapota azikangana ataona mphindi zimene munthu wasewera ndi zigoli zake chaka ndi chaka.

Malangizo kwa oyamba kumene: pa foni itembenuzeni chogona chifukwa mizere ndi yaitali, ndipo pa kompyuta ndiye zimaoneka bwino koposa. Mitu ya ziwerengero ndi zidule za Chingerezi monga AB (maulendo omenya), HR (ma home run) ndi OPS (mlingo wina wa kamenyedwe), choncho dzipatseni masiku angapo kuti muzizolowere. Palinso gawo lolipira lotchedwa Stathead lofufuzira mozama, koma ndi mmene ndalama zakunja zikusowera muno, ine ndimakhutira ndi laulere, ndipo pa nkhani ya zakayi limakwana.

Musatseke tsamba la Pujols musanafike mzere womaliza. Mu 2022 National League, ligi imene Cardinals imasewera, inalola kuti timu izikhala ndi wosewera wongomenya basi osagwira mpira m'bwalo. Iye anabwerera ku Cardinals ali ndi zaka 42, anapatsidwa ntchito imeneyo, ndipo anamenya ma home run 24, onse pamodzi n'kukwana 703.