OK Computer, Kid A kapena In Rainbows: Radiohead muyambire pati?

Anzanga amene nyimbo ya Radiohead, bandi ya rock ya ku England, yomwe amaidziwa ndi "Creep" yokha sasiya kundifunsa chimbale choti ayambire. Pablo Honey ya 1993, momwe muli nyimboyo, musavutike nayo. Eni akewo "Creep" inawafika pakhosi, moti kwa zaka ndithu ankaipewa pamakonsati. Mkangano weniweni uli pa zimbale zitatu, ndipo za mphoto tisataye nazo nthawi, chifukwa zonsezi zinapata Grammy ya chimbale cha alternative.

OK Computer ya 1997 ndiyo yanga yapamtima, sindibisa. Mbali yaikulu anajambulira m'chinyumba chakale cha St Catherine's Court pafupi ndi Bath, mothandizana ndi wojambula nyimbo Nigel Godrich. Magitala a Thom Yorke (woimba wamkulu wa bandiyi), Jonny Greenwood ndi Ed O'Brien akadali patsogolo, choncho wochokera ku "Creep" sasochera. "Karma Police" ndi "No Surprises" zimalowa tsiku lomwelo. Chilema chake ndi "Fitter Happier", pomwe kompyuta imangowerenga mawu, ndipo ine ndimaidumpha opanda manyazi.

Tsono Kid A. Apa ndiye ndili ndi mangawa ndi okonda bandiyi amene amauza mlendo kuti ayambire pamenepa. Kumeneko n'kupatsa khanda fupa. Chimbalechi chinatuluka mu Okutobala 2000, Yorke atatopa ndi maulendo oimba a OK Computer n'kuyamba kumvera kwambiri oimba apamakina monga Aphex Twin ndi Autechre. Radiohead sanatulutsepo single (nyimbo yotulutsidwa payokha) ngakhale imodzi, komabe chinakhala nambala 1 ku America. Otsatira amanyadira zimenezo, n'kuiwala kuti ambiri anagula chifukwa chokhulupirira chimbale chapitacho.

Chomwe sakuuzani n'choti Kid A ili ndi mtengo wina wobisika: imafuna mahedifoni abwino, malo achete, ndi nthawi yoti mumvere kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikani "The National Anthem" pa sipika ya foni muone. Besi yomwe yanyamula nyimbo yonse imazimiririka, n'kutsala malipenga okhaokha akulongolola. "Treefingers" ilibe mawu kapena ng'oma. M'nyimbo ya "Kid A" mawu a Yorke anawapotoza ndi makina mpaka osadziwika kuti akuti chiyani. Mnzanga wina amene anamukakamiza kuyambira pamenepa anazimitsa asanafike n'komwe pa "How to Disappear Completely", yomwe kwa ine ndiyo yokoma koposa m'chimbalemo, ndipo mpaka lero dzina la Radiohead safuna kulimva. Chimbalecho n'chabwino, inde, koma si khomo lolowera.

In Rainbows anthu amaikumbukira chifukwa cha kagulitsidwe kake. Pa 10 Okutobala 2007, atamaliza kontirakiti ndi kampani ya nyimbo ya EMI, anaiika pa intaneti kuti aliyense alipire zomwe akufuna, ngakhale osalipira kanthu. Zimenezo zinapita, sizikuthandizani lero. Chofunika n'choti ndi nyimbo 10 zokha, mphindi zongopitirira 40, ndipo palibe yodumpha. Makina a Kid A alimo, magitala alimo, koma zonse zafewa. Ng'oma za Philip Selway mu "Weird Fishes/Arpeggi" ndi besi ya Colin Greenwood mu "Nude" zimamveka kuti akuimba ndi anthu. "Nude" yomweyo anakhala nayo kuyambira nthawi ya OK Computer, osapeza kaimbidwe koyenera, ndipo kudikirako kunapindula. Ngakhale "15 Step", yomwe kagundidwe kake ndi ka 5/4 (kugunda kasanu m'malo mwa kanayi kozolowereka), imakugwedezetsa mutu usanazindikire kuti siyikuyenda monga nyimbo zina.

Ndiye yambirani In Rainbows, ngakhale zikundiwawa kuika OK Computer pachiwiri. Ikakukomerani "Reckoner" ya m'chimbalecho, pitani ku OK Computer, ndipo ngati mukugula, tengani ya 2017 yotchedwa OKNOTOK, chifukwa anawonjezeramo "Lift", "I Promise" ndi "Man of War". Kid A ibwere pachitatu, mutapeza kaye mahedifoni.