Kasitolo ka mafulemu ku Old Town ndi mng'alu wa pamphumi pa Nicholas Woyera

Achimwene anga atabwera kuchokera ku Greece anandipatsa chithunzi chosindikizidwa cha Nicholas Woyera cha ku Stavronikita, nyumba ya amonke a mpingo wa Orthodox yomangidwa pathanthwe m'mphepete mwa nyanja, chakum'mawa kwa Athos, dera la amonke la kumpoto kwa dzikolo. Ine sindidzapondako, popeza akazi saloledwa kulowa ku Athos, ndiye chithunzichi ndinachisunga ngati dzira mpaka tsiku limene ndinapita nacho ku kasitolo kena koika mafulemu ku Old Town kuno ku Lilongwe.

Mnyamata amene anandilandira anaona mng'alu wotsika pamphumi pa woyerayo, ndipo mwaulemu anati, "Mayi, apa panawonongeka, tikonza pakompyuta n'kusindikizanso." Mtima unandipweteka, chifukwa mbiri yonse yagona pa mng'alu umenewo. Chithunzi chenichenicho si chopaka utoto, koma chinapangidwa ndi timiyala ting'onoting'ono toyalidwa mosamala, ndipo amonke amasimba kuti chinavuulidwa m'nyanja ndi ukonde nkhono itamatirira pamphumi, kenako atayichotsa panatuluka magazi. N'chifukwa chake amachitcha Streidas, kutanthauza "wa nkhono". Chimasungidwa m'tchalitchi cha Nicholas Woyera chomwe makoma ake anajambulidwa ndi Theophanes wa ku Crete ndi mwana wake Symeon mu 1546, patangopita zaka zochepa kuchokera pamene Jeremias I, mkulu wa mpingo ku Constantinople, anamanganso nyumbayi, yomwe ndi yaing'ono kwambiri mwa nyumba 20 za ku Athos.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti bambo achikulire, eni ake a sitoloyo, anasiya ntchito yawo n'kumvetsera mpaka ndinamaliza. Anavala magalasi, nayendetsa chala pamwamba pa pepalalo osalikhudza, kenako anandiletsa fulemu yonyezimira imene ndinaloza, ponena kuti ingabe maso a munthu ndi kuphimba nkhope. Anasankha thabwa la mlombwa losapaka vanishi wambiri, ndipo pakati pa galasi ndi chithunzi anaika katoni yokhuthala kuti chinyezi cha nthawi ya dzinja chisachimatitse pagalasi.

Pa nkhani ya nthawi ndiye anandikhumudwitsa: anandiuza masiku 3, koma ndinayenda maulendo awiri pachabe ndipo ndinachilandira patatha sabata ziwiri popanda wondiimbira foni. Komabe ngodya zonse zinayi zinalumikizana bwino moti ngakhale chikhadabo sichilowa, ndipo m'mawa dzuwa likalowa pawindo la pabalaza, mng'alu uja umaoneka bwinobwino kuchokera pakhomo.