Musanabwere ndi mwana wa zosowa zapadera ku England, imvani izi

M'magulu a WhatsApp mukuyenda nkhani yoti mwana wolumala akangofika ku UK boma limamutenga ngati wake: mphunzitsi wakewake, galimoto yomutenga pakhomo, ndalama mwezi ndi mwezi. Ambiri ofalitsa zimenezi alibe mwana wotero. Ine ndili naye, mnyamata wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu), ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England.

Za ndalama iwalani msanga. Visa zathu zantchito zimaletsa kulandira thandizo la ndalama za boma. Sukulu ya boma ndi yaulere ndithu, koma Disability Living Allowance, ndalama ya ana olumala imene anthu amaitamandayo, ili m'gulu la zoletsedwa, Child Benefit, ndalama yothandizira kulera ana, chimodzimodzi. Mukalandira, mwaika visa yanu pamoto. Komanso kuyambira pa 11 March 2024 osamalira okalamba atsopano saloledwa kubwera ndi banja. Wokulonjezani zosiyana ndi izi akufuna kukudyerani ndalama.

Sukulu iliyonse ya boma ili ndi mphunzitsi woyang'anira ana otere, amamutcha SENCO, ndipo imayembekezeka kugwiritsa ntchito ndalama zake mpaka £6,000 pachaka pa mwana mmodzi khonsolo isanaikepo zina. Thandizo lolimba lili m'chikalata chotchedwa EHCP, chimene khonsolo imalembamo zosowa za mwana ndi thandizo loyenera kumupatsa, chochokera m'lamulo la Children and Families Act la 2014. Mukapempha, khonsolo ili ndi masabata 6 oti iyankhe ngati imuyeza mwanayo, ndipo zonse ziyenera kutha m'masabata 20. Papepala pali choncho. Mu 2024 zikalata zimene zinatuluka panthawi yake sizinafike ndi theka lomwe, malinga ndi ziwerengero za boma lenilenilo. Chathu chinadutsa chaka.

Kusukulu anandiuza kuti tidikire kaye adokotala atsimikize kuti ndi autism. Mzere wa kuchipatala ndi wautali zedi, ndipo chipatala cholipira chinanditchulira £2,000. Mwamuna wina, mnzathu wa kumudzi komweko, ankalipiritsa makolo £900 kuti awalembere kalata yopempha EHCP. Kalata yoti kholo lingalembe lokha usiku umodzi, kwaulere!

Koma mtengo weniweni, umene palibe amakuuzani, ndi foni. Uli pakati posambitsa agogo a eni, magolovesi kumanja, foni ikunjenjemera m'thumba la yunifomu. Kusukulu: mwana wavuta, bwerani mumutenge. Nthawi ili 11 koloko m'mawa. Bwana akulemba maola amene wathawa, malipiro akudulidwa, ndipo visa yako yamangidwa pa bwana yemweyo. Kenako sukulu inandiuza kuti "kwa kanthawi" mwana aziweruka masana asanakwane. Kanthawiko kanatha miyezi. Kuno kulibe agogo ake kapena azakhali ake oti mungamusiyire, ndipo olera ana ambiri akamva za autism amangoti malo adzaza.

Amene anandichotsa m'matopemo ndi mayi wina wa ku ofesi ya uphungu waulere imene khonsolo iliyonse iyenera kukhala nayo, imadziwika kuti SENDIASS. Sanandipemphe ngakhale tambala. Anandiuza kuti lamulo silifuna kalata ya dokotala kuti mwana ayesedwe, ndiponso kuti sukulu kubweza mwana kunyumba popanda kalata yomuimitsa ndi kuphwanya lamulo, ngakhale kholo litavomera. Anati akaimbanso ndiwauze mwaulemu kuti alembe. Mafoni anachepa sabata yomweyo.

Chikalata choyamba chitabwera, mayiyu anatsegula gawo F, pomwe amalemba thandizo, n'kuyamba kudula mizere ndi cholembera chofiira. Panalembedwa kuti mwana "adzakhala ndi mwayi" wothandizidwa kulankhula "pafupipafupi". Anandifunsa: pafupipafupi ndi kangati? Mphindi zingati? Wothandizayo ndani, anaphunzira chiyani? Thandizo lolembedwa momveka m'gawo limeneli khonsolo imakakamizidwa kulipereka. Mawu olobodoka ndi khomo lothawira. Ife Amalawi tikapatsidwa pepala ndi wa muofesi timangoti zikomo kwambiri bwana, n'kuvomera. Kuno ulemu wotere umamulanda mwana maola ake.

Khonsolo ikakukanani, muli ndi miyezi iwiri yochita apilo ku bwalo la SEND Tribunal, lomva madandaulo a maphunziro a ana a zosowa zapadera. Ndi kwaulere, simukakamizidwa kukhala ndi loya, koma nthawi zambiri muyenera kuyamba mwatenga satifiketi kwa mkhalapakati. Pa milandu imene bwaloli limagamula, makolo amapambana yoposa 9 pa 10 iliyonse. Ganizirani nokha kuti makhonsolo amakana angati podalira kuti mutopa.

Lero mwana wanga ali ndi womuthandiza m'kalasi, ndipo wayamba kupempha madzi poloza zithunzi. Sindingabise, kumudzi izi sakanazipeza mosavuta. Koma malo m'sukulu zapadera ndi odzaza, ndipo ku Scotland ndi ku Wales malamulo ndi ena, EHCP kulibe. Ngati visa yanu ikulolani kubwera naye, nyamulani buku lake la kuchipatala, malipoti onse a kusukulu ndi kalata ya aphunzitsi ake m'Chingerezi. Ndipo inu ndi bambo ake mugwirizaniretu kuti ndani azigwira usiku, chifukwa masana mmodzi ayenera kukhala pafupi ndi foni.